Giza Imodzi, Zala Zambiri

Mu Ufumu wa Tavomera munali maunduna ambiri kuposa zipatala, koma panalibe unduna wokoma ngati wa a Lufeyo Kamtedza. Iwo anali Nduna ya Madzi Osamba a Mfumu. Ntchito yawo inali kufika kunyumba yachifumu m'mawa, kupinda mkono wa jekete, kuviika chigongono m'madzi, n'kulengeza kuti, "Atentha, Gogo Chalo." Akatero ndiye kuti aweruka. Chigongono chimenecho chinawapatsa galimoto, nyumba ya mpanda, ndi mimba yomwe inkafika pamsonkhano eni ake asanafike.

Chinthu chimodzi chokha ndicho chinkawasowetsa mtendere: Njenjenje. Limeneli linali boma la pamwamba pa phiri, kumene ankatumizako nduna zolakwa, ati zikayang'anire chitukuko. Chitukuko choti n'kuyang'anira kunalibe. Kunali nkhungu, mphepo, ndi madzi oti ukasukusula m'mawa mano amagundana mpaka masana. A Kamtedza anali munthu wovala juzi ngakhale mu Okutobala, ndipo akangomva dzina la malowo ankazizidwa mpaka m'mafupa.

Kwa zaka zambiri madzi a kunyumba yachifumu ankaphitsidwa mumgolo kuseri, ndipo dziko linali pamtendere. Mavuto anabwera ndi mphatso. Abwenzi akunja anapereka giza, thanki yoyera mbee yotenthetsa madzi ndi magetsi. Anapereka imodzi, pamene mabafa analipo awiri, ogawana khoma.

Bafa loyamba linali la Mfumu Sabweza Wachiwiri. Mwambo wa makolo unkati chimene dzanja la mfumu lachita, dzanja lina silifafaniza. Bafa linalo linali la mlongo wake wamkulu, Mayi Namulangeni, mkulu wa mbumba, yemwe pamodzi ndi amayi a banjalo anaika mfumuyo pampando. Mayiyu ankakonda kukumbutsa anthu kuti mfumu yawo anaibereka kumsana ili yamamina. Awiriwa anasiya kalekale kuyankhulana maso ndi maso. Moni weniweniyu ankadzera mwa nduna.

Choncho bwalo la nduna linakhala pansi kukambirana nkhani yaikulu: swichi ya giza ikhale kubafa liti?

Nduna ya Mayamiko inaima n'kuyankhula mpaka thovu kukamwa. Inati giza yaulemu wake siifunika swichi, iyenera kungomva mapazi a mfumu n'kuyamba yokha kutentha. Nduna ya Zachitetezo inati swichi ndi chida choopsa, ndipo ifunika msilikali woilondera. Nduna ya Zofufuza Zofufuzidwa Kale inapempha ulendo wa kunja kuti ikaone mmene mafumu anzathu amasambira. Dzuwa litapendeka, onse anazindikira kuti aliyense woyankha funsoli akhumudwitsa mmodzi mwa eni mabafa. Pamenepo anakumbukira kuti pali nduna ya madzi.

"Nkhaniyi tayisiya m'manja mwa a Kamtedza," inatero Nduna ya Mayamiko.

"Tavomera!" bwalo lonse linayankha, poti kumeneko ndiko kuvota kwa dzikolo.

Mfumu inawaitanira pambali. "Kamtedza, ndikadina ine, iyake. Ndikadinanso, ithime. Wamva?"

"Ndamva, Gogo Chalo."

Asanafike n'kugalimoto komwe, Mayi Namulangeni anawakodola. "Iwe Lufeyo, tabwera kuno. Ine sindingapemphe madzi otentha kwa mwana amene ndinkamusambitsa m'beseni. Swichi ikhale kwanga."

"Ikhala kwanu, Amayi. Nanga ingakhalenso kuti?"

Atalonjeza mbali zonse ziwiri, a Kamtedza anathamangira kwa mlamu wawo Tobiyasi. Uyu ndiye ankagwira ntchito zonse za magetsi kunyumba yachifumu. Luso lake analiphunzira polumikiza zokuzira mawu m'maukwati, ndipo satifiketi yake yaikulu inali yakuti mlongo wake anakwatiwa ndi nduna.

"Njira zilipo, alamu," anatero Tobiyasi, akukanda m'khutu ndi sikuludiraiva. "Yoyamba, giza iziyaka pokhapokha onse awiri atadina."

"Ndiye kuti Amayi akakana, mfumu isambe ozizira? Iyayi."

"Yachiwiri, aliyense akhoza kuyatsa yekha, koma kuti ithime mpaka onse azimitse."

"Mfumu izimitse, giza n'kumayakabe? Iwe, ukufuna mlongo wako akakalambire ku Njenjenje?"

"Ndiye yatsala ya pamasitepe ija. Mukulidziwa getsi lija mumayatsa muli pansi n'kukazimitsa muli pamwamba? Swichi kuno, swichi uko. Aliyense akadina, zinthu zimatembenuka. Ikakhala yothima iyaka, ikakhala yoyaka ithima."

A Kamtedza anawomba m'manja. Imeneyi ndiyo inali njira ya ndale zenizeni: aliyense adzaona chala chake chikumveredwa.

"Koma pafunika kagetsi kofiira m'bafa lililonse," anawonjezera Tobiyasi, "kosonyeza ngati giza yayakadi. Swichi yamtunduwu payokha siinena zoona, alamu. Ikhoza kuloza pansi giza ili chithimire."

"Kagetsi koti kazitsutsa mfumu m'bafa mwake momwe? Taya uko."

Tsiku lotsegulira kunabwera bandi, riboni, ndi ana asukulu oimba nyimbo yotamanda giza. Mfumu inadina swichi yake, thanki inayamba kulira chapansipansi, anthu n'kululutira. A Kamtedza anatengeka ndi chisangalalo mpaka kupempha kuti tsikulo likumbukiridwe ndi lamulo, ndipo mawu ake anawayala okha: swichi yodinidwa ndi mfumu ikaloza pansi, madzi atentha, ndipo wonena zina ndi woukira. Bwalo linavomera. Masana, mfumu itazimitsa n'kupita kokagona, a Kamtedza anachita kamwambo kena kachinsinsi kubafa linalo. Mayi Namulangeni anadina, giza inayaka, ndipo anamwetulira koyamba chaka chimenecho asanaizimitse.

M'mawa mwake mfumu inadzuka n'kudina swichi yake. Giza inayaka. Kuseri kwa khoma mlongo wake anadzukanso n'kudina yake. Giza inathima. Onse awiri anabwerera kukadikira, aliyense mtima uli m'malo.

Nthawi yosamba itakwana, a Kamtedza anapinda mkono wa jekete n'kuviika chigongono. Madzi anali zii, ngati a m'mtsuko. Anayang'ana swichi, ili chilozere pansi. Anayang'ana mfumu, ili chiimire ndi thaulo m'chiuno. Lamulo lija linali lisanathe n'tsiku lomwe.

"Atentha, Gogo Chalo."

Chitseko chitatsekedwa kunamveka mfuu imene alonda a pageti anaiyesa ya mbuzi yokodwa mumsampha. Koma mfumu yotchedwa Sabweza sikanabweza lamulo lake. Inatuluka milomo itachita mbuu, n'kunena kuti sinasambepo madzi abwino chotero. Mayi Namulangeni analibe lamulo lowamanga pakamwa, ndipo zimene ananena zokhudza mchimwene wawo zinamveka mpaka kukhitchini.

Zinapitirira choncho m'mawa uliwonse. Mfumu inkaganiza kuti mlongo wake akuilodzera madzi. Mlongoyo ankaganiza kuti mfumu yalamula kuti amudulire waya. A Kamtedza ankauza aliyense kuti giza yatsopano imafuna kuzolowera dziko.

Amene ankadziwa bwino za gizayo anali anthu a pamsika wa Mwamvanji, ngakhale panalibe mmodzi yemwe anaiona. Magetsi a mu Tavomera anali ochepa, moti giza ikayaka kunyumba yachifumu, pamsika ankathima. Yotamu wometa anazindikira msanga kuti mfumu kapena mlongo wake akachokapo, makina ake ometera amafa m'mawa wonse. Koma onse awiri akakhalapo, magetsi ankakhala ngwee.

"Mulungu awapatse moyo wautali onse awiri," ankatero Yotamu, "ndipo asamayendeyende."

Mayi Esinta, ogulitsa tiyi pafupi ndi Yotamu, anatola swichi yakufa kudzala n'kuikhomera pathabwa la benchi yawo, italoza pansi. Kuyambira pamenepo makala ankawagwiritsa ntchito mosamala kwambiri. Wapolisi wina atamwa kamodzi anakwinya nkhope.

"Mayi, tiyiyu wazizira."

"Tayang'anani swichiyo, bwana. Yaloza kuti?"

"Pansi. Koma imeneyo anadina ndi mfumu?"

"Mukufuna mukaifunse nokha?"

Wapolisi anamwa tiyi yense, akumuuzira ngati wotentha.

Pamsika ankaseka, koma a Kamtedza zawo zinali zitada. Mfumu inayamba kutsokomola. Tsiku lina, ikupukuta mamina, inangoti, "Kamtedza, ndamva kuti ku Njenjenje kukufunika munthu wodziwa za madzi." A Kamtedza anaseka mwaulemu, kenako anathamangira kwa mlamu wawo.

"Musadandaule, alamu," anatero Tobiyasi. "Pakati pa maswichi awiri aja pamatheka kulowetsapo yachitatu. Nayonso imatembenuza. Tikuikirani muofesi mwanu, pamodzi ndi kagetsi kofiira munakana kaja. Mukaona kathima, mudine. Basi."

Ofesi ya a Kamtedza inali kutsidya kwa khonde, moyang'anana ndi mabafa. Swichi ndi kagetsi anazibisa kuseri kwa chithunzi chachikulu cha mfumu, poti kumeneko palibe akanayerekeza kusuzumirako. M'mawa mwake anatseka chitseko n'kutsitsa chithunzicho. Kagetsi kanayaka: mfumu yadina. Kanathima: Amayi adina. A Kamtedza anadina yawo, kagetsi n'kufiira psuu.

Tsiku limenelo nthunzi inatuluka m'mabafa onse awiri. Mfumu inawapatsa mendulo. Mayi Namulangeni anawatumizira nkhuku. Aliyense ankakhulupirira kuti mnzake wagonja. Pamsika magetsi anayambanso kuthima m'mawa, ndipo Yotamu anadandaula kuti mtendere wa akuluakulu wamupha njala.

Akanalekera pomwepo bwenzi nkhaniyi ilibe kopita. Koma munthu akazindikira kuti ufumu wonse uli kunsonga kwa chala chake, chalacho chimayamba kuyabwa. Mfumu itawakaniza galimoto yatsopano, kagetsi kanathima ndipo a Kamtedza anangokhala akusuzumira pawindo. Mawa lakenso chimodzimodzi. Atafunsidwa, anati giza imamva chisoni ikaona nduna yake ikuyendera galimoto yakale. Galimoto inabwera, madzi n'kutentha. Pabwalo la nduna anayamba kukhala mwendo pamwamba pa unzake, ndipo anzawo ankawayang'ana ndi diso lofuna kudziwa.

M'masiku omwewo ankakumana ndi Tobiyasi akutuluka m'maofesi a nduna zina, waya ali paphewa, nsapato zatsopano zikulira kuphazi.

"Ukutani kumeneko?"

"Mafani, alamu. Ndikukonza mafani."

Munali mu Juni, mphepo ya mwera ikuboola jekete. Koma a Kamtedza anali otanganidwa ndi ulemerero wawo, sanadzifunse kuti ndani amafuna fani mu Juni.

Kenako linafika Tsiku la Mbumba. Chaka chilichonse amayi a banja lachifumu ankasonkhana, Mayi Namulangeni ali patsogolo, kunena ngati mfumu ipitirize kukhala pampando. Mwambo unkafuna kuti mfumu ndi mlongo wake afike pabwalo atasamba. M'mawa umenewo kunazizira moti agalu anakana kuuwa. Nduna iliyonse inkadziwa kuti awiriwo akasamba ozizira lero, ufumu ugwedezeka, ndipo mipando yawo igwedezeka nawo.

A Kamtedza analawirira muofesi, natsitsa chithunzi cha mfumu n'kuchigoneka pansi chafufumimba. Kagetsi kanayaka. Kanathima. Iwo anamwetulira n'kudina. Kanayaka, n'kuthimanso nthawi yomweyo.

Anadinanso. Phethi, n'kuthima. Anadina kachitatu, ndipo ulendo uno kanayaka chala chawo chisanafike, chalacho n'kukathimitsa. Thukuta linayamba kutsika m'khosi ngakhale kunali kozizira. Pawindo ankaona mababu a pamsika patali akuphethira mosinthana ndi kagetsi kawo. Ndi dzanja lamanzere anaimba foni.

"Tobiyasi! Kagetsi kapenga!"

"Alamu, musapse mtima. A Nduna ya Mayamiko anandipempha kawo. Anati akufuna kumathandiza mfumu mwakachetechete."

"Chiyani?"

"A Zachitetezo nawonso. Ndi a Zofufuza. Aliyense ndinamuikira swichi ndi kagetsi kake, ndipo aliyense ndinamuuza kuti ndi yekha. Masiku ena amafika mochedwa n'kupeza inu mwadina kale, koma lero ndi tsiku lalikulu. Onse akufuna madzi atenthe."

"Alipo angati?"

"Ndinasiya kuwerenga waya atatha, alamu."

A Kamtedza anamvetsa tsoka lawo. M'maofesi onse a nyumba yachifumu, kuseri kwa zithunzi za mfumu, nduna zokhulupirika zinali kupulumutsa ufumu. Kagetsi kakathima, zonse zinkadina, uyu kuyatsa, uyo kuzimitsa. Ankadziwa kuti njira yokha ndi yakuti onse asiye, atsale mmodzi. Koma asiye ndani? Iwo? Anadinanso.

Pamsika makina a Yotamu ankangoti kulira, kusiya, kulira, kusiya. Mutu wa kasitomala wake unatsala ngati munda wolimidwa ndi anthu okangana.

"Kodi kunyumba yachifumu kwagwanji?" anafunsa kasitomalayo.

"Boma likugwira ntchito," anayankha Mayi Esinta. "Lonse, nthawi imodzi."

A Kamtedza anali atamira m'kudina moti anaiwala ntchito imene ankalandirira malipiro. Mfumu inadikira chigongono, sichinabwere, ndipo inangolowa. Mfuu ziwiri zinamveka pamodzi. Zitseko ziwiri zinatseguka, ndipo pakhonde panakumana mfumu ili ndi thaulo ndi mlongo wake ali ndi chitenje m'khwapa, onse akunjenjemera, madzi akuchucha.

"Achemwali, mwandilodzera madzi mpaka lero?"

"Iwe Bonifasi," anatero mayiyo, kuitchula mfumu dzina laubwana limene dziko linaliiwala, "ukundidulira waya pa tsiku langa lomwe?"

"Ine ndinadina kuti iyake!"

"Inenso ndinadina kuti iyake!"

Anayang'anana. M'kachetechete kameneko anamva kaphokoso kuchokera kutsidya kwa khonde: tha, tha, tha, tha. Anakatsatira limodzi, mapazi akusiya madzi pansi. Mayi Namulangeni anakankha chitseko. A Kamtedza anali chiimire pakhoma, chala pa swichi, kagetsi kofiira kakuphethira pamphuno pawo, phazi limodzi litaponda kumsana kwa chithunzi cha mfumu.

Mbumba inachita mwambo wake mwachidule tsiku limenelo. Mfumu inapitiriza kukhala pampando, poti mlongo wake anali atapeza wina womupsera mtima. Masana bwalo la nduna linakhala pansi kuweruza mlandu, mfumu ndi mlongo wake atakhala moyandikana, atafunda bulangete limodzi. Nduna zonse zinali zitapisa manja m'matumba.

"Chala cha munthu wamba pamwamba pa chala cha mfumu!" inalira Nduna ya Mayamiko. "Ine sindinamvepo zoterezi chibadwire."

"Gogo Chalo, sindinali ndekha," anayamba a Kamtedza. "Mukasuzumira kuseri kwa zithunzi..."

"Akufuna tigwire zithunzi za mfumu!" inakuwa Nduna ya Zachitetezo. "Chimodzi wachiponda kale!"

Anaitana Tobiyasi kuti achitire umboni. Iye anayang'ana nduna zonse, nayang'ana nsapato zake, n'kunena kuti anaika swichi imodzi yokha, ndipo anachita kukakamizidwa. Pomwepo anamusankha kukhala Nduna yatsopano ya Madzi Osamba, poti anaonetsa kukhulupirika.

"Njenjenje," inagamula mfumu.

"Njenjenje," anavomereza Mayi Namulangeni, ndipo anthu akuluakulu akuti aka kanali koyamba awiriwa kugwirizana chimwalirire mayi awo.

A Kamtedza anagwada, mimba n'kufika pansi mawondo asanafike. Analira zenizeni. "Gogo Chalo, ndichitireni chifundo. Ndine munthu wa chifuwa. Madzi a kumeneko akandipha."

Mfumu inatuma Tobiyasi kuti akazule swichi ija pakhoma. Atabwera nayo, tizingwe tikulendewera, mfumu inailandira.

"Kamtedza, lamulo la swichi lija anayala ndani?"

"Ndine, Gogo Chalo."

"Limati chiyani?"

"Swichi yodinidwa ndi mfumu ikaloza pansi, madzi atentha."

Mfumu inadina swichiyo ndi chala chake chachikulu, tha, n'kuiika m'manja mwawo. "Ndakudinira ndekha. Palibe dzanja lingaitembenuze. Pita bwino, ukasambe otentha."

"Tavomera!" linagunda bwalo.

Maswichi enawo sanazulidwe, poti malinga ndi umboni kulibe. Mpaka lero giza ya ku nyumba yachifumu imayaka mwa apo ndi apo, ndipo pamsika wa Mwamvanji magetsi achuluka moti Mayi Esinta agula firiji.

Ku Njenjenje, kuseri kwa nyumba ya woyang'anira chitukuko, kuli bafa la udzu. Pamtengo wa pakhomo pake pakhomeredwa swichi yoloza pansi. M'mawa uliwonse, nkhungu isanachoke, wapolisi wovala chikhoti chachikulu amaima panja kudikira lipoti loti atumize kulikulu. M'katimo a Kamtedza amavula juzi zawo zonse, n'kuwerama pa ndowa ya madzi a mumtsinje, n'kuviikamo chigongono.

"Bwana, ndikanene kuti chiyani lero?" amafunsa wapolisiyo.

Kumamveka mano ogundana. Kenako mawu amatuluka pang'onopang'ono kudzera mu udzu.

"A-atentha."